Akundilira Ndili Moyo

Rosettenville, Joni
14 Epulo 2024

Okondedwa amake Anita,

Atamandike Yesu Khristu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli pyadidi, inu, Anita ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kusuzumira. Ndasankha kulemba chifukwa foni yanu imagona kwa achimwene anga a Hilario kumene kuli sola, ndipo mawu alionse amene ndatumiza amayamba amvedwa ndi nyumba yonse, mpaka abakha. A thiransipota akusiyirani kalatayi pa Bangula pamodzi ndi mafuta ophikira, sopo ndi nsapato za Anita. Zikakhala zazikulu musadandaule, phazi lizipeza.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Feston, mnyamata wa pa Bangula amene ndimagona naye chipinda chimodzi, wandionetsa pa foni yake kachidutswa ka sewero latsopano la aphunzitsi a Gilbert. Ndinadzidzimuka kuona kuti mayi wamasiye wa m'sewerolo ndinu! Bwanji osandiuza? Mukudziwa kuti gulu limenelo ndalitsata kuyambira pamene nsalu yake yotchingira inali zitenje ziwiri za amayi a kwaya. Ndinkaoloka Shire n'kupalasa njinga mpaka ku Ngabu kuti ndikangokhala pa benchi yakutsogolo, ndipo inuyo ndinakupezani komweko. Kusewera ine sinditha, koma diso loonera Mulungu anandipatsa.

Nkhani yake a Gilbert aiganiza bwino. Mayi akudikira katundu wochokera ku Joni, galimoto ikufika, ana akuthamangira, m'thirela n'kutuluka bokosi la mwamuna wake. Kuno aliyense amene waona wangoti kakasi. Koma ndikuuzeni zoona monga mwamuna wanu, kulirako sikunapse. Mukukuwa kuti "mwamuna wanga ine, mwamuna wanga ine" ngati mukuingitsa mbalame m'munda wa mapira.

Paja ndimalondera magalimoto kunja kwa nyumba ya zisudzo m'tauni muno. Loweruka lapitali masana mayi wong'amba matikiti pakhomo anandimvera chisoni. Anati, "Iwe Malawi, tsiku ndi tsiku umangowerenga zithunzi zapakhoma. Lowa ukaime kumbuyo, koma uvule chijekete chowalacho." Amake Anita, m'menemo muli mdima dzuwa lili pamutu, mipando yofewa yokwera ngati phiri, nyale imatsata munthu kulikonse kumene akupita. Chinenero sindinachimve chonse. Koma panali mayi wina amene mwana wake anafa. Sanakuwe ayi. Anangonyamula malaya a mwanayo n'kutchula dzina lake kamodzi, motsitsa. Nyumba yonse inangoti zii, ine misozi ili chuchuchu. Potuluka ndinafunsa mayi wa matikiti kuti chinsinsi chake n'chiyani. Anati amamva kuti akatswiri akafuna kulira amaganizira munthu wawo weniweni.

Ndiye ndaganiza chonchi. Chotsani pakhoma chithunzi changa chija ndinavala suti ya kwaya, mukachiike pa bokosilo. Ndipo musamati "mwamuna wanga". Muzitchula Kaitano. Muwauze a Gilbert kuti mwini dzina walola. Ndi sewero chabe, Mulungu amadziwa kusiyanitsa.

Mapira mudule msanga. Chitowe musagulitse kwa mavenda oyamba kufika, amabwera ndi sikelo zanjala. Mbuzi yaikazi ija isagone panja.

Ine mwamuna wanu,
Kaitano


Rosettenville
9 Juni 2024

Amake Anita,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yanu ndalandira, takhuta, zikomo kwambiri, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Ndili bwino, kachifuwa chabe ka nyengo ino. Kuno Juni saseka ndi munthu, makamaka ife oima panja.

Mwapambana mpikisano wa pa Bangula! Ine ndinadziwa. Magulu enawo ndawaonera onse pa foni ya Feston. Gulu lija lovala zofiira lili ndi nthabwala, koma nkhani yawo ilibe mutu. Munthu wafa m'chigawo choyamba, m'chachitatu tikumupeza akugulitsa mbatata, popanda wotiuza kuti wauka bwanji. Anyamata a sekondale aja amalankhula atafulatira anthu. Oweruza sanakondere.

Koma inu! Pamene munagwada, n'kupukuta fumbi pa chithunzi ndi nsonga ya chitenje, n'kunena motsitsa kuti, "Kaitano, nsapato za mwana zija n'zazikulu," ndinaiwala kuti Kaitanoyo ndine ndipo ndakhala pa ndowa ndikudya buledi. Ndinalira maliro anga omwe. Feston anandigwira paphewa n'kuti, "Pepani a malemu, tiyi wanu akuzizira." Pano nyumba yonse ikunditchula choncho. Ndikachedwa ku bafa amagogoda kuti, "A malemu, mwatha, kapena tibwere adzukulu tidzakusambitseni?"

Za pa bwato zandiseketsa mpaka kutsokomola. Zoona mwini bwato anavula chipewa n'kukana kulandira ndalama ataona bokosi? Ndiponso amayi ogulitsa nsomba pa doko anakupatsani milamba ya chipepeso? A Gilbert akanawauza kuti bokosilo ndi la makatoni. Milambayo mwadya kale, palibe chobweza, koma mukamadutsanso muwauze kuti ndili moyo. Ndipo pooloka muziphimba chithunzicho. Anthu a pa doko nkhani amaifikitsa ku Marka bwato lisanakocheze.

Lamulungu ndinakalapa. Ndinauza bambo mfumu kuti ndakhala ndikuonera maliro anga nthawi yoti ndipemphere korona, ndiponso kuti ndimakondwa ndikamva oonerera akunena kuti malemuyo anali munthu wabwino. Anaseka kuseri kwa kansalu. Anati tchimo lake ndi kunyada basi. Ndinatuluka wopepuka.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Masiku ena sitikutuluka m'nyumba, zifukwa zake ndidzakuuzani pamaso. Yambani mwagula mbewu ya kudimba, zina zidikire. Anita asamajombe kusukulu chifukwa chokuperekezani koyeserera.

Wanu,
Kaitano


Rosettenville
28 Julayi 2024

Amake Anita,

Ndikupatsani moni, koma mtima suli m'malo. Thupi lili bwino.

Achimwene a Hilario anandiimbira Lachinayi. Sanandipatse ndi moni yemwe.

"Kaitano, uli moyo?"

Ndinati ndili moyo, achimwene.

"Ndiye mkazi wako akulira yani?"

Anandiuza zonse, zimene inu simunandilembere. Kuti sewero linabwera pa bwalo la sukulu kwathu ku Makhanga, amayi anapita atanyamula mpando wawo, akumva anthu akuti mpongozi wawo watchuka. Kuti bokosi litatsitsidwa anaona nkhope yanga, inu n'kutchula dzina langa, iwo n'kugwa pomwepo. Kuti chiyambire tsikulo akudya ngati mbalame, amangokhala pakhonde kuyang'ana kunjira. Bwanji panalibe wowachenjeza? Koma ndikufunsa yani, ine amene ndinayenera kuganiza za iwo poyamba?

Ndinati, achimwene, nzeru imeneyo inali yanga, chithunzi ndinalamula ndine. Anati, "Nkhabe, ayi! Ukumubisa. Mwamuna wanzeru zake angauze mkazi kuti undilire? Ngati unanenadi, ndiye kuti anakudyetsa kanthu." Ndinati ndi sewero, ku Joni kuno anthu amafa pa nsanja Loweruka lililonse n'kudzuka kukakwera galimoto zawo, ine ndimazilondera. Anati, "Amenewo amafa ndi maina awo? Amaika zithunzi za amuna awo? Munthu wamoyo saliridwa, kumeneko n'kulaula. Ng'ombe tinapereka ku Ngabu zija tinkafuna mkazi womanga mudzi, osati wotiyeserera maliro."

Mawu otsiriza ndi amene akundisowetsa mtendere, ndipo ndikulemberani monga anawanenera kuti mudziwe pamene taima. Anati, "Ukangomva mutu kuwawa, ife tidziwa kochokera. Tsiku lomwelo anyamule zake abwerere kwawo. Anita atsala, ndi mwana wa pano."

Ine sindikhulupirira kuti misozi ya m'sewero ingadwalitse munthu. Ndinapita kusukulu, ndine mkhristu. Komabe nditaika foni pansi ndinadzigwira pamphumi kuona ngati ndatentha. Mulungu andikhululukire.

Chonde chitani izi. Chithunzi chibwerere pakhoma, amayi achione chili pamalo pake. A Gilbert apeze dzina lina la malemuyo, maina ndi ambiri. Mupite kwa amayi ndi nkhuku, mukagwade, musakatsutse chilichonse ngakhale atakunenani zopweteka. Achimwene musawayankhe. Ndawalembera ankhoswe athu kuti cholakwa ndi changa, kaya akandimvera.

Bulangete lili m'katunduyu ndi la amayi. Muwauze kuti ndasankha ndekha.

Kaitano


Rosettenville
1 Seputembala 2024

Okondedwa amake Anita,

Atamandike Yesu Khristu. Takhuta chifukwa chochita zonse zimene ndinapempha. Ndamva kuti amayi nkhuku analandira ngakhale sanakuyang'aneni. N'chiyambi chimenecho.

Za ku Nsanje boma ndaziona ndekha pa foni. Bokosi lopanda chithunzi, inu mwagwada, mwati, "Howard." Ndiye bambo wina kumbuyo n'kukuwa, "Si Howard ameneyo, ndi Kaitano!" Bwalo lonse n'kuyamba, Kaitano, Kaitano, ngati ndagoletsa chigoli. Ndinaona mmene munaimira, pakamwa pali potsegula, mawu osatuluka. Oweruza anayesa kuti ndi luso. Feston akuti ngakhale akabaza a pa Bangula sewerolo salitchula dzina limene a Gilbert analipatsa, amangoti Maliro a Kaitano. Dzina langa ndinalibwereketsa kwa inu nokha, koma pano lili m'kamwa mwa chigwa chonse, ndipo sindidziwa kuti ndikalilanda kwa yani.

Ndiye mwapambananso, mukupita ku Blantyre mu Novembala, ndipo dzina lanu lili pa amayi amene akupikisana pa mphoto ya wosewera bwino koposa. Mkazi wanga, wa ku dimba, wa zipsera za khasu m'manja! Ndinauza mayi wa matikiti uja, anandikumbatira pakhomo anthu akuona. Ndinafuna kukondwa ndi mtima wonse koma theka linakana.

Mwalemba kuti, "Nenani ndinu bambo. Mukati ndisiye ndisiya lero." Ndakhala ndi chiganizo chimenechi sabata yathunthu. Ndapita nacho ku Misa, ndabwera nacho. Mukasiya, achimwene adzati mwavomera kuti munkachita zoipa. Mukapitiriza, adzati mwakula mtima. Nanga anzanu onse aja, amene asiya madimba awo miyezi yonseyi, akalira ndi yani ku Blantyre?

Palinso china chimene sindinakuuzenipo. Madzi a chaka chatha atatenga nyumba yathu, munakhala chete. Ku msasa kuja munkaphika, munkachapa, koma mawu anu ndinkachita kuwasaka. Ndinanyamuka kubwera kuno ndikusiya mkazi wosalankhula, ndipo m'basi monse ndinkadzifunsa ngati ndikuthawa umphawi kapena ndikuthawa chete ameneyo. Tsiku limene ndinakuonani pa foni ya Feston mukukuwa ngati woingitsa mbalame, ndinakunyozani m'kalata, koma kuno ndinagwada pansi kuthokoza. Ndiye lero ndikuuzeni kuti khalaninso chete? Pakamwa panga pakukana. Kunena kuti pitirizani, nakonso ndikuopa. Ndikudziwa kuti mwamuna sayenera kuyankha chonchi. Pepani.

Za kuno musade nkhawa. Ntchito ndikupita masiku ena, masiku ena Feston amakandiimirira. Lamba ndaboola bowo lina, zakudya za kuno sizikundikomera. Wina akafunsa, ndili bwino kwambiri. Munene choncho kumene, kwambiri.

Mbuzi ikaswa, mwana mmodzi akhale wa Anita, amutche dzina yekha.

Ine,
Kaitano


Rosettenville
13 Okutobala 2024

Clotilda,

Lero sindiyamba ndi kunena kuti ndili bwino, chifukwa unandiona.

Unaima kumbuyo kwa amayi pa foni yoonana nkhope ija, ndipo ndinaona dzanja lako likupita pakamwa. Ena onse ndikhoza kuwanamiza. Ndiye imva zoona. Ndi chifuwa chachikulu. Anandiyeza makhololo ku kiliniki mwezi watha. Anamwino akuti chimachizika ndikamamwa mankhwala osadumphitsa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndayamba. Akuti chimayenda mumpweya, m'zipinda zothithikana ngati chathuchi. Ndinawafunsa ngati chingabwere chifukwa choti munthu wakulira uli moyo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Bambo, mwadya chiyani lero?"

Achimwene atanena kuti amayi akufuna kundiona ndi maso, ndinasowa kolowera. Feston ndiye anati, "A malemu, lero muuka. Zaka zonsezi mwaonera anzanu, lero nsanja ndi yanu." Anandiveka majuzi awiri mkati mwa jekete. Anandidzoza mafuta kumaso mpaka ndinawala ngati chitumbuwa. Chipewa anachitsitsa kuti makutu asaoneke kutalika. Anakagula ntchafu ya nkhuku n'kundigwiritsa m'manja kuti ndizioneka ngati andidukiza pa chakudya. Anati, "Chifuwa chikabwera muziseka. Kuseka ndi kutsokomola ndi pachibale."

Zotsalazo unaziona. Ndinaseka moni, ndinaseka za mbuzi, ndinaseka ngakhale pamene achimwene ananena kuti thonje lapsa ndi dzuwa. Amayi anayandikitsa diso n'kuti, "Wanenepa pamimba pokha, nanga khosi?" Ndinati ndi kamera, mama. Anati, "Imba kanyimbo ka kwaya ndimve mawu ako." Mzere woyamba ndinautha. Wachiwiri mpweya unandithera pakati. Besi imene munaimva ikulowerera ija sinali yanga, anali Feston atabisala kuseri kwa chitseko. Kenako anakuwa kuti "Netiweki! Netiweki!" n'kudula foni. Ndinatsokomola mpaka kugwada, ntchafu ya nkhuku ili m'manja. Feston anati ndikanakhala pa mpikisano ndikanapeza nambala yachitatu, pa magulu atatu.

Tinaseka, koma ndanamiza mayi wondibala, ndipo ndinachita kukonzekera. Ndakalapa. Ulendo uno bambo mfumu sanaseke. Anati ndiwauze amayi zoona. Ndinati, bambo, ndikawauza zoona mkazi wanga achotsedwa pamudzi n'kusiya mwana. Anangoti tipemphere.

Ndalimbana nazo ngati ndikuuze kapena ayi. Ndikudziwa chimene ndakusenzetsa. Tsopano ukagwada pa bokosi lija anthu n'kuyamba kukuwa dzina langa, udzakhala ukudziwa zimene iwo sakudziwa. Ndikanatha kukhala nazo ndekha, koma sindinaphunzire kukubisira kanthu, ndipo ndikuopa kuti chinachake chingachitike iwe n'kumva kwa anthu.

Usauze munthu, ngakhale a Gilbert, ngakhale amayi ako ku Ngabu. Pamaso pa achimwene uziseka. Iwe ndiye katswiri, ine ndangoyesako kamodzi.

Mwezi uno palibe chimene ndatumiza. Gulitsa chitowe chotsalacho.

Kaitano


Rosettenville
10 Novembala 2024

Amake Anita,

Moni. Mankhwala ndikumwa. Amandisandutsa mkodzo kukhala wofiira ndipo mawondo akuphwanya, koma anamwino akuti ndi mmene amayendera. Malo anga olondera aja apatsa munthu wina. Sindikumuda, nayenso ali ndi ana.

Kunonso ndi nyengo ya mphoto. Dzulo masana ndinadzikoka kupita m'tauni kuti ndikangoona. Anali akuyala kapeti wofiira pa masitepe, akupachika zithunzi za opikisana. Mayi uja wa malaya a mwana ali pomwepo. Ndinaima tsidya lina la msewu, chifukwa ndi chifuwa changachi sindingalowe pakati pa anthu. Mayi wa matikiti anandiyang'ana n'kupitiriza ntchito yake. Sanandizindikire.

Mwalemba kuti mupita ku Blantyre, kuti mwaganiza nokha poti ine ndinalephera. Mwachita bwino. Mwati ngati mukuchotsedwa, akuchotseni mutamaliza chimene munayamba. Mawu amenewo ndikanayenera kunena ndine.

Ndiye mverani woonera wanu. Nsanja ya kumeneko ndi yaikulu, musathamangire pakati, yendani pang'onopang'ono kuti maso a anthu akutsateni. Nyale zidzakuthobwani m'maso, simudzaona munthu, musachite mantha, alipo. Mnyamata woyendetsa galimoto m'sewero uja auzidwe kuti asamatafune chingamu potsitsa bokosi. Ana othamangira katundu asaseke. Mutenge juzi, kumtunda kumazizira ngakhale mu Novembala, inu anthu a m'chigwa mumanjenjemera msanga.

Ku Blantyre anthu sandidziwa, palibe adzakuwe dzina langa. Mudzatchule Howard, ndipo muziganizira Howard, munthu woti kulibe. Za ine musaganize. Ndikudziwa kuti ndikupempha chosatheka.

Chinthu chimodzi chikundidetsa nkhawa. Lachiwiri pa mzere wa ku kiliniki ndinakumana maso ndi Sebastiano, mwana wa a katekisiti akale a kwathu, anaperekeza mnzake. Ndinatsitsa chipewa koma anabwera. Anati, "Akulu, ndinu? Mwatha chonchi?" Ndinamupempha m'dzina la Mulungu kuti asanene. Analonjeza. Akuti akupita kumudzi kumapeto a mwezi uno.

Ndidzakhala ndikupemphera korona nthawi imene mudzakhale pa nsanja.

Wanu,
Kaitano


Rosettenville
15 Disembala 2024

Clotilda mkazi wanga,

Kalatayi ndaipereka kuti aisiye pa Ngabu, kwa amayi ako. Ndikhulupirira wafika bwino ndipo akulandira. Uwapatse moni, uwauze kuti manyazi andigwira.

A Gilbert anandiimbira. Anayamba ndi zabwino. Gulu linakhala lachiwiri, koma mphoto ya amayi ndi yako. Akuti sunatchule Howard, sunatchulenso Kaitano. Unangogwada n'kugwira bokosi ndi manja awiri ngati ukuliletsa kupita, ndipo holo yonse inaimirira. Akuti mmodzi wa oweruza anafunsa kuti mayi ameneyu anaphunzira kuti. A Gilbert anati ku Makhanga. Ine ndikudziwa kumene unaphunzira, ndipo sindikudziwa ngati ndinyade kapena ndibise nkhope.

Kenako anandiuza zinazo. Kuti Sebastiano anafika kumudzi inu muli ku Blantyre, ndipo lonjezo lake linatha pa botolo lachiwiri. Kuti munatsika bwato mukuimba, chikho chili pamutu pako, ana a sukulu akuvina kutsogolo, n'kupeza katundu wako atamanga kale m'zitenje pansi pa mtengo wa nimu. Kuti Anita anamutsekera m'nyumba kwa achimwene, ndipo unamutsanzika kudzera pa windo.

Ndinawaimbira achimwene nthawi yomweyo. Ndinakuwa, ndinalira, ndinatchula dzina la matenda, ndinati bwerani mudzafunse anamwino. Chifuwa chinandidula pakati, ndipo achimwene anangoti, "Wamva wekha." Ndinapempha kulankhula ndi amayi. Anati, "Mwananga, ine sindimuda mkazi wako. Amandiphikira bwino, amanditungira madzi. Koma ndinamumva ndi makutu angawa akukuitanira kumanda, ndipo iwe wayankha." Ndinati, mama, ndinamutuma ndine. Anati, "Ndiwenso unandionetsa nkhuku pa foni." Bodza lija ladya zoona zanga zonse, tsopano chilichonse chimene ndinganene amati ndikukuteteza.

Ankhoswe anakhala pansi Lachitatu. Chimene agamula ndi ichi. Ukwati sunathe. Ukhale kwa makolo ako, Anita akhale kwa achimwene, mpaka ine ndidzafike pamudzi ndi miyendo yanga, wathanzi, anthu adzandione. Ndikadzatero udzabwerera ndipo nkhani idzathera pomwepo. Zikadzapita kwina, sananene, ndipo ine sindinafunse.

Ndinafuna kukwera basi mawa lomwe. Feston anandibisira chikwama. Anati, "Mukafika chonchi mukawapatsa umboni. Ndi khosi limeneli ngakhale ine ndingamuthamangitse mlamu." Anamwino nawonso akuti ndisayende mpaka nditamaliza mankhwala mu Malichi, ndipo mapepala anga ukudziwa mmene alili. Malichi ndiye madzi adzakhala atadzaza, Makhanga atasanduka chilumba. Khirisimasi ino Anita adya kwa eni. Ndapempha a Gilbert, poti amamuphunzitsa, kuti azimuuza tsiku lililonse kuti amayi ake sanamuthawe. Iwe usapite kukamuba, ndakupempha, ungawapatse chonena china. Lamulungu lina ukhoza kuoloka kukapemphera Misa ku tchalitchi kwathu. Pakhomo la Mulungu palibe angakuletse kukhala pafupi ndi mwana wako.

Chikhocho usachibise pansi pa bedi. Uchiike poonekera. Sunabe.

Ndapempha Mulungu zinthu zambiri chaka chino, zina zopusa. Pano ndatsala ndi pempho limodzi. Mlandu wako wonse uli m'chifuwa mwangamu, mboni yako ndi thupi langali, ndipo silikundimvera monga ndifunira. Sabata ino sikelo ya ku kiliniki sinatsike. Sinakwerenso, koma sinatsike. Anamwino anati ndi nkhani yabwino, ndiye ndakuuza kuti nawenso ukhale nayo.

Ndilekeze pano, dzanja latopa. Feston wabwera ndi phala la soya, waika ndi majarini, waima pakhomo ngati wapolisi. Fungo lake lokha likundichititsa nseru. Ndidya lonse.

Mwamuna wako,
Kaitano